Wopita ku Joni, nambala ya kwanu isafe

Pa Intercity, basi ya ku Joni ikaliza hutala, mau otsiriza amakhala amodzimodzi: "Ukafika utumeko foni." Mnyamata wa ku Kanyama kapena wa ku George akwera ndi cikwama cimodzi, maganizo onse ali pa nchito imene akaipeze. Za SIM imene ili m'foni mwake saganizako. Ife tikuti aganizeko asanakwere, cifukwa kakhadi kameneko ndiko cingwe comumanga ku nyumba.

Onani mmene zimayendera. Akadutsa Chirundu ndi Beitbridge, kapena mlatho wa Kazungula, atsikira pa Park Station mu Johannesburg. Kumeneko lamulo la RICA lifuna kuti SIM iliyonse ilembedwe m'dzina la mwini wake, ndi pasipoti ndi umboni wa kumene akhala. Mlendo wogona pa mnzake umboniwo alibe. Ndiye agula SIM ya pamseu, yolembedwa kale m'dzina la munthu amene samudziwa. Foni ikabedwa, nambala yapita, pakuti pa pepala si yake.

Nanga SIM ya ku Zambia? Aicotsa, aiponya pansi pa cikwama. WhatsApp ipitiriza kusewenza pa +260, iye aona monga zonse zili cabe bwino. Koma makampani a foni sasunga nambala yogona mpaka kalekale. Ikakhala miyezi osatuma, osaikamo tokotaimu, amaitseka ndi kuipatsa wina. Watsopanoyo akatsegula WhatsApp, kodi ya manambala 6 ibwera kwa iye. Mawa lake ali m'gulu la banja lanu, awerenga za maliro, za lendi, za ndalama za sukulu. Akakhala wa mtima woipa, alemba cabe: "Amai, nili m'mavuto, tumizani pa nambala iyi manje manje." Mai wogulitsa tomato pa Soweto aona nambala ya mwana wake, atumiza kapito yonse.

Si zokhazo. Airtel Money, MTN MoMo ndi Zamtel Kwacha zonse zikhala pa nambala. Mabanki nawo atumiza kodi zao pa nambala yomweyo. Nambala ikafa uli kunja, ndalama zako uziona ngati nsima ya m'galasi.

Tsono inu amene muli pa ulendo, citani izi musanagule tikiti. Pitani ku ofesi ya netiweki yanu ndi NRC, mutsimikize kuti SIM ili m'dzina lanu, osati la mlamu amene anakugulirani pa Kulima Tower. Funsani za roaming, kuti ma SMS azikufikani muli kunja. Funsaninso kuti nambala igona nthawi yaitali bwanji isanatsekedwe, ndipo muuze m'bale wodalirika aziikamo tokotaimu pang'ono mwezi uliwonse. Pa WhatsApp ikani PIN yacinsinsi. Mukasankha kusiya nambala ya kuno, isintheni mkati mwa WhatsApp mwenimweni, ndipo muuze a kunyumba ndi pakamwa panu.

Pogula foni kunjako, maso asathamangire kamera. Yoyamba kufunsa ndi yakuti, kodi ilowa ma SIM awiri? Umodzi wa +27, wina wa +260, nkhani yatha. Yaciwiri, kodi ni yokhomedwa? Mafoni ena ochipa a ku South Africa amakhomedwa ku netiweki imodzi. Mwana atumiza mphatso ndi dalaivala wa basi, ambuya ku Mtendere asangalala, koma poikamo SIM ya kuno foni ikana. Mapeto ake ni kupita ku Katondo Street kukalipira kuti aitsegule. Tengani lisiti, ndipo dinani *#06# mulembe nambala ya IMEI pa pepala, musunge pamodzi ndi pasipoti. Foni ya m'manja mwa munthu pamseu, yopanda bokosi, isiyeni. Mlendo akagwidwa ndi katundu wakuba, womukambirako sapezeka.

Tili ndi mau kwa makampani a foni ndi ZICTA, bungwe loyang'anira ma netiweki. Anthu athu a ku Joni ndiwo alipira lendi m'nyumba zambiri za ku Chawama, Matero ndi Kalingalinga. Apatseni njira yosavuta yosungira nambala ali kunja, ndipo cenjezo lifike bwino, m'cilankhulo cimene amva, nambala isanapatsidwe wina.

Ndipo inu otsala, amene muwerenga izi mutapanikizana m'minibasi, kondakita akukuwa cenji: uthenga wopempha ndalama ukabwera, musathamangire ku buthi. Tumani foni, mumve liu la mwana wanu. Mufunseni cinthu cimene iye yekha adziwa, monga dzina la galu wa kumudzi. Akakana kukamba, ati netiweki yavuta, gwirani ndalama zanu. Nambala ya akuba iperekeni ku ZICTA pa *707#.

Foni itayika, ina igulidwa pa City Market. Koma nambala imene amai anailoweza pamtima ikagwera m'manja mwa mlendo, olira ndi a kunyumba.