Timu ya dziko imayambira kwa mtsikana wa ku Ngala

Asisi, lero tikambeko za tenesi. Eya, masewera omwe aja timati ndi a ana a mabwana a ku Namiwawa ndi ku Area 10.

Pali mpikisano wa Billie Jean King Cup, womwe matimu a amayi oimira mayiko awo amalimbirana. Unayamba mu 1963 ndi dzina loti Federation Cup. Mu 2020 anaupatsa dzina la mayi amene anakakamira kuti mphoto ya amayi izifanana ndi ya abambo, mpaka US Open inavomera mu 1973. Mayiko amayamba kupikisana m'magulu a kuchigawo kwawo, opambana n'kukwera gulu lapamwamba. Mu 2023 ndi 2024 gulu lina la mayiko a mu Africa linakumana ku Nairobi.

Mayiko awiri akakumana pamakhala masewera atatu: awiri a mmodzimmodzi, omaliza a awiriawiri. Nde katswiri mmodzi sakwanira, mutu umodzi susenza denga. Dziko limafunika atsikana ambiri odziwa tenesi oti lizisankhapo. Tiwapeza kuti ngati mabwalo angodzaza m'makalabu a m'tauni?

Ku Kenya kuli Angella Okutoyi. Mayi ake anamwalira pomubereka, analeredwa ndi agogo ake movutikira. Koma pasukulu yomwe agogowo ankagwira ntchito panali bwalo la tenesi. Mu 2022 anapambana masewera a atsikana a awiriawiri ku Wimbledon, ndipo waimirira Kenya mu mpikisano tikunenawu. Bwalo linali pafupi, ndipo wina anamupatsa raketi.

Tsopano taganizirani mtsikana wa ku Ngala, m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota. Akaweruka kusukulu akatunge madzi, ayanike usipa pathandala, abereke mwana kumbuyo. Mlongo wake ali pamchenga kumenya mpira mpaka dzuwa kulowa. Ukonde womwe iye amaudziwa ndi wa chilimira. Ndani anamuyesapo kuti aone ngati ali ndi dzanja?

Luso lakumudzi talionapo kale. Tabitha ndi Temwa Chawinga anachokera ku Rumphi, lero dziko lonse likuwadziwa.

Pempho lathu kwa a Malawi National Council of Sports ndi oyendetsa tenesi ndi ili: tulutsani masewerawa m'tauni. Bwalo limodzi la simenti pasukulu likhoza kukhala la netball ndi tenesi yomwe, bola kujambula mizere ndi kumanga ukonde. Aphunzitsi aakazi aphunzitsidwe kuti makolo asamakayike kutumiza ana awo.

Nafenso tili ndi mbali yathu. Mukapita kumudzi, afunseni aphungu ndi makhansala kuti pa ndalama za CDF bwalo la atsikana lili pati. Raketi ikungodya fumbi kunyumba ija, ipatseni mwana. Ndipo pakhomo gawani ntchito mofanana, mnyamata nayenso atsuke mbale. Mtsikana wopanda ola limodzi lake lake sangadzavale yunifolomu ya Malawi.