Moto Amapala kwa Mnansi

Kale, machesi asanafale m'midzi, moto ukazima m'nyumba mayi ankatuma mwana ndi phale kuti akapale kwa mnansi. Mnansiyo sankakana, pakuti ankadziwa kuti mawa ukhoza kuzima kwake. Nzeru ya kagwiritsidwe ntchito ka intaneti nayo imayenda bwino mwa njira yomweyi, kuchoka khomo lina kunka khomo lina, ndipo zimene zinachitika m'midzi ya ku India zikuchitira umboni.

Mu 2015 kampani ya Google ndi bungwe la Tata Trusts anayambitsa ntchito yotchedwa Internet Saathi. Liwu lakuti saathi m'Chihindi limatanthauza bwenzi loyenda nalo. Pa nthawiyo, mwa anthu 10 alionse ogwiritsa ntchito intaneti m'midzi ya dzikolo, mmodzi yekha ndiye anali wamkazi. Chifukwa chake sichinali umphawi wokha ayi. M'mabanja ambiri foni inali ya bambo kapena ya mwana wamwamuna, ndipo amayi ambiri ankaopa ngakhale kuikhudza, poganiza kuti aiwononga.

Okonza ntchitoyi sanamange sukulu. Anasankha amayi a m'midzi momwemo, nawaphunzitsa kwa masiku ochepa, n'kuwapatsa mafoni, ndipo oyambirira anapatsidwanso njinga. Mayi aliyense ankayendera mudzi wake ndi midzi yoyandikana nawo, kuonetsa anzake kayatsidwe ka foni, kafufuzidwe ka mitengo ya mbewu, malangizo a zaumoyo ndi thandizo la boma. Mu 2021 Google inalengeza kuti aphunzitsi oterewa oposa 80,000 anali atafikira amayi oposa 30 miliyoni m'midzi pafupifupi 300,000.

Chinsinsi chake n'chodziwika kwa aliyense amene anaphunzitsako anthu akuluakulu. Mayi amene sanapite patali ndi sukulu amachita manyazi kufunsa mlendo wochokera ku tauni, kuopa kuoneka mbuli. Koma kwa mnzake amene amatunga naye madzi pachitsime chimodzi amafunsa kawiri, katatu, osaopa kusekedwa. Safunsa anadya phula, koma munthu amafunsa pamene ali womasuka. Kuwonjezera apo, mlendo ndi mame: waphunzitsa lero, mawa wapita. Mnansi amakhalapo tsiku limene foni yakana kuyaka kapena uthenga wachilendo wafika.

Komabe kudziwa podina si kudziwa intaneti. Mu 2016 kampani ya Jio inatsitsa kwambiri mtengo wa intaneti ku India, ndipo anthu miyandamiyanda analowa pa WhatsApp kwa nthawi yoyamba. Posakhalitsa kunayamba kufala mauthenga ndi mavidiyo abodza onena za anthu oba ana. Pa 1 July 2018, m'mudzi wa Rainpada m'chigawo cha Maharashtra, khamu la anthu linapha amuna 5 apaulendo powaganizira kuti anali akuba anawo. Mwezi womwewo WhatsApp inaika malire akuti ku India uthenga umodzi usamatumizidwe ku malo oposa 5 nthawi imodzi. Amene ankafalitsa mabodzawo ankadziwa bwino podina. Chimene chinasowa ndi munthu wowafunsa kuti vidiyoyi yachokera kuti, anaijambula liti, ndipo ndani waiona ndi maso ake.

Apa ndi pamene magulu ophunzitsana a m'midzi ayenera kukula msinkhu. Malire oikidwa ndi kampani akhoza kuchepetsa liwiro la bodza, koma sangaphunzitse munthu kukayikira. Wakutsina khutu ndi mnansi. Chenjezo lochokera kwa munthu amene mumadya naye limamveka kuposa chikalata cha boma, ndipo mphunzitsi wa m'mudzi amene amangoonetsa potsegula Facebook osaphunzitsa kupima nkhani wapatsa mwana mpeni osamuuza kumene kuli kuthwa.

Ena amatsutsa kuti Google sinachite izi mwaulere, pakuti mayi aliyense wolowa pa intaneti ndi kasitomala watsopano. Zimenezi n'zoona, ndipo palibe chifukwa chozibisira. Koma nzeru ikalowa m'mutu mwa munthu, kampani singailandenso. Vuto lenileni ndi lina: ntchito yodalira thumba la mlendo imafota thumbalo likatsekedwa, ndiponso mayi wa ana sangayende midzi chaka ndi chaka pamene kwake kulibe ufa. Okonza Internet Saathi anazindikira zimenezi, ndipo mu 2017 anayamba kuwatsegulira aphunzitsiwo njira zopezera ndalama pogwiritsa ntchito luso lawo lomwelo.

Choncho maboma, mipingo ndi mabungwe amene akufuna kufalitsa luso la intaneti, kulikonse kumene ali, achite zinthu zitatu. Asankhe aphunzitsi pakati pa eni mudzi, makamaka amayi. Awaphunzitse kupima nkhani pamodzi ndi kudina, m'chilankhulo cha anthuwo. Aonetsetsenso kuti mphunzitsi akupeza kangachepe pa thukuta lake. Ndipo poyesa ntchito yawo asamangowerenga mafoni amene agawidwa. Afunse ngati wophunzitsidwa chaka chatha waphunzitsako mnzake chaka chino, ndiponso ngati bodza litafika m'mudzimo usiku, pali wina amene angaliimitse kusanache.