Mkangano wa akazembe umathera pa benchi lanu

 

Ambiri a inu mukamva pa wailesi kuti nduna yauluka kupita ku msonkhano kunja, kapena kuti kazembe wakuti wakwiya, mumangopitiriza kuunjika tomato pa mulu. Mumati zimenezo n'za mabwana a masuti ku Capital Hill, ife zathu ndi tikiti ya msika ndi chimbudzi chotsekeka chija. Pepani abale, lero ndikutsutsani. Zomwe amakambirana akuluakulu ndi mayiko akunja zimadzathera pa benchi lanu lomwelo.

Tikumbutsane za chaka cha 2011. Ine ndinali ku pulayimale, mayi anga akugulitsa usipa. M'mwezi wa Epulo, kalata yachinsinsi yomwe kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, analembera akuluakulu ake ku London inatuluka m'nyuzipepala. M'kalatamo ankadandaula kuti Pulezidenti Bingu wa Mutharika wayamba kulamulira ndi dzanja lolemera ndipo safuna kudzudzulidwa. Boma linapsa mtima n'kumupitikitsa. A Britain nawo sanachedwe, anabweza kazembe wathu, ndipo mu Julayi anaimitsa ndalama zomwe ankaponya mu bajeti ya boma. America nayo inaimika thandizo la madola 350 miliyoni lomwe linali lokonzera magetsi. Kumbukirani kuti nthawi imeneyo pafupifupi K40 pa K100 iliyonse ya bajeti inkachokera kwa mayiko otithandiza.

Tinene chilungamo: mavuto anali atayamba kale. Fodya sanagulidwe bwino chaka chimenecho, ndipo boma linali pa mkangano ndi IMF pa nkhani ya mphamvu ya kwacha. Koma kupitikitsa kazembe kunathira mchere pa chilonda. Ndalama zakunja zinasoweratu. Galimoto zinkagona pa mizere ya mafuta, anthu akuyenda ndi zigubu m'manja. Usipa wa mayi anga unkachedwa kufika kuchokera kunyanja, ndipo mtengo wa thiransipoti unadya phindu lonse. M'zipatala za boma odwala ankangolemberedwa kapepala kuti akagule okha mankhwala. Pofuna kutseka dzenje, boma linabweretsa bajeti yomwe linkaitcha zero deficit, ndipo misonkho yatsopano inagwera pa zinthu zomwe timagula tsiku ndi tsiku. Pa 20 Julayi anthu anatuluka m'misewu, ndipo anthu pafupifupi 20 anafa pa zionetsero zimenezo. Mu Meyi 2012, Joyce Banda atalowa pampando, kwacha inagwetsedwa kuchoka pa K160 ndi kanthu kufika pa K250 pa dola imodzi. Amene mumakapikula katundu ku Tanzania ndi ku Joni mukudziwa bwino zomwe zinachitikira mpamba wanu.

Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Mlomo unali wa akuluakulu, koma unatsata ife.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti boma lizigwadira mzungu aliyense wobwera ndi chikwama. Dziko lino ndi loima palokha ndipo lili ndi ufulu wokana. Funso langa ndi ili: asanaswe ubale womwe umagula mankhwala athu, anawerengera kuti ndalamazo azipeza kuti? Anabwera ku Nyumba ya Malamulo kudzafotokoza? Munthu akafuna kukangana ndi yemwe amamukongoza katundu, amayamba wapeza kwina kopikula. Ngakhale wogulitsa mandasi amadziwa zimenezo.

Nthawi zina vuto limayambira m'nyumba mwathu momwemu. Mu 2013 kunaphulika nkhani ya Cashgate, mabiliyoni a kwacha atasololedwa ku Capital Hill kulipira makampani omwe sanagwire ntchito iliyonse. Mayiko otithandiza anatsekanso mpopi. Anaba ndi ena, koma amene anakapeza mashelefu opanda kanthu ku chipatala ndi inu ndi ine.

Nthawi zinanso mphepo imangochokera kutali. Mu 2025 boma la Donald Trump linatseka bungwe la USAID, lomwe linkathandiza kwambiri ntchito za umoyo kuno kwathu. Pamenepo sitinganene kuti tinalakwira munthu. Koma tingafunsebe kuti zaka zonse izi chilandirireni ufulu mu 1964, bwanji moyo wa odwala athu ukudalirabe chisankho cha dziko la eni?

Tsono tichite chiyani? Choyamba, phungu wanu akabwera mumsika kudzagwira anthu chanza, musangolandira chitenje. Mufunseni kuti ngongole zomwe amavomereza ku Nyumba ya Malamulo n'za ndalama zingati, zagwira ntchito yanji, ndipo adzabweza ndani. Chachiwiri, dziwani kuti kuyambira mu Seputembala 2020 lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito. Komiti ya msika wanu ikhoza kulemba kalata kufunsa khonsolo kuti pa mwezi imatolera zingati pa matikiti, nanga zingati zimabwerera kudzachotsa zinyalala, kukonza mpopi ndi chimbudzi. Sungani kope ya kalatayo, pakhale tsiku ndi chidindo. Chachitatu, pitani pagulu. Mmodzi amamuuza kuti bwana atuluka, koma anthu makumi asanu amawapezera mpando.

Amene amatolera ndalama yanu ya tikiti m'mawa uliwonse ndi amene amasaina mapangano ku London, ku Washington kapena ku Beijing, onsewo amadya msonkho wanu. Ndi antchito anu, ndipo wantchito amafunsidwa.

Tionane sabata ya mawa, Mulungu akalola. Wa mbatata uja andisungire mulu wanga, ngongole ya sabata yatha ndibweza Loweruka.