Wogonja Pamasewera Aphunzire Kuleka Nthawi Ikadalipo

M'malo ambiri ochitira malonda kumidzi, kumene magetsi adafika kapena kumene anthu amagwiritsa ntchito mphamvu ya dzuwa, kuli tizipinda momwe achinyamata amalipira kandalama kuti asewere masewera a pakanema. Ena mwa masewera amene amakondedwa kwambiri ndi omenyana, monga Mortal Kombat, Tekken ndi Street Fighter. Anthu awiri amakhala pabenchi, aliyense atagwira kachipangizo kokhala ndi mabatani, namayendetsa munthu wake wa pakanemapo kufikira mmodzi atagwetsedwa. Palibe amene amavulala pathupi. Komabe makolo ambiri aonapo mwana wawo akufika pakhomo ali ndwii, akukana nsima, akukalipira azing'ono ake popanda chifukwa. Akafunsidwa bwino, zimapezeka kuti wagonja kasanu kapena kakhumi motsatizana.

Nkhani imeneyi ndi yokhudza umoyo. Kugonja pakokha si matenda, ndiponso si tsoka kapena kulodzedwa. Chimene chimadwalitsa ndicho kukakamira kubwezera nthawi yomweyo, mtima uli wowawa, mpaka tulo, chakudya, sukulu ndi ndalama zitaonongeka. Mwana amene waphunzira kuleka nthawi ikadalipo amasunga thanzi lake, ndipo ndi yemweyo amene amadzakhala katswiri.

Choyamba chofunika kuchidziwa ndi chakuti kugonja motsatizana kumagwera aliyense. Anthu awiri akakhala olingana luso, masewera awo amafanana ndi kuponya ndalama yachitsulo m'mwamba: palibe angadziwiretu mbali imene idzaonekere. Akatswiri a masamu amawerengera kuti pakati pa anthu 10 amene aliyense waponya ndalama ka 100, pafupifupi 8 adzaona mbali imodzi imene adasankha kuti ndiyo yogonja ikubwera kasanu motsatizana. Tsono mnyamata amene wasewera maulendo 100 pamwezi sayenera kudabwa akagonja kasanu osapumira. Kuonjezera apo, munthu akayamba kudziwa masewera amasiya kusewera ndi ongoyamba kumene, nafunafuna amene amamuposa. Motero kugonja kumachuluka pa nthawi yomwe luso likukula. Akuluakulu adati walira mvula walira matope.

Zimenezi zimachitikanso kwa akatswiri odziwika dziko lonse. Mpikisano waukulu wa masewera omenyana, wotchedwa Evo, wakhala ukuchitikira mu mzinda wa Las Vegas ku America kwa zaka zambiri. M'chaka cha 2013 mnyamata wa ku Japan wodziwika ndi dzina lakuti Tokido adafika pa ndime yomaliza ya Street Fighter, koma adagonja kwa Xian wa ku Singapore. Padapita zaka zinayi. M'chaka cha 2017 adagonjanso kamodzi mpikisano uli mkati, nalowa m'gulu la ogonja amene amapatsidwa mwayi wachiwiri, ndipo kuchokera kumeneko adakwera mpaka kutenga chikho. Arslan Ash wa mu mzinda wa Lahore ku Pakistan adapambana Tekken ku Evo ya ku Japan ndi ya ku Las Vegas m'chaka chimodzi cha 2019, koma kumapeto kwa chaka chomwecho adatulutsidwa msanga pa mpikisano wina waukulu ku Bangkok. M'chaka cha 2023 adapambananso mipikisano yonse iwiri ya Evo. Anthu awa sadaleke kugonja. Adaphunzira kugonja osataya mutu.

Chachiwiri ndi kumvetsa zimene zimachitika m'thupi la munthu wokwiya. Munthu akapsa mtima kapena akachita manyazi pamaso pa anzake, tiziwalo tina tokhala pamwamba pa impso timatulutsa madzi otchedwa adirenalini. Madzi amenewa amathamangitsa mtima, amatulutsa thukuta m'manja, ndipo amalimbitsa minofu kuti munthu athawe kapena amenye. Izi nzothandiza munthu akakumana ndi njoka panjira, koma nzosokoneza pa masewera ofuna zala zofewa ndi maso odekha. Pa masewera omenyana chithunzi chimasintha ka 60 pa sekondi imodzi, kotero kuchedwa pang'ono kapena kufulumira pang'ono kumagwetsa munthu. Wokwiya amangodina mabatani mwachisawawa, amabwereza njira imodzi imene mnzake waidziwa kale, ndipo amagonjanso. Kugonjako kumaonjezera mkwiyo, mkwiyo nuonjezera kugonja. Ichi ndicho chifukwa chake masewera achisanu ndi chimodzi amaseweredwa moipa kuposa oyamba aja.

Mankhwala ake safuna ndalama. Wosewera adziikire malire asanakhale pabenchi: akagonja katatu motsatizana aimirire, apereke malo kwa wina, atuluke panja, amwe madzi, apume mpweya mozama ndi kuyendayenda kwa mphindi zingapo kufikira mtima utakhazikika. Akabwerera aziyamba waonerera ena akusewera, pakuti woonerera amaona zolakwa zimene wosewera saziona. Afunsenso mnzake amene wamugonjetsa kuti wamupezera pati. Achikulire odziwa bawo adaphunzira motero pansi pa mtengo: adadyeredwa nkhomo zawo kambirimbiri, nafunsa, nawerenga bwino maenje tsiku lotsatira. Wosewera asankhe chinthu chimodzi chokha choti akonze patsiku, monga kutchinga nkhonya kapena kuleka kudumpha pachabe. Akakonza chimenecho wapindula, ngakhale masewerawo atagonja. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Tulo nato ndi mbali ya kuphunzira. Achinyamata a zaka 13 mpaka 18 amafunika kugona maola 8 mpaka 10 usiku uliwonse. Pa nthawi ya tulo ubongo umasunga ndi kukhwimitsa zimene zala zaphunzira masana. Mnyamata amene amachezera m'kachipinda ka masewera kuti abweze ngongole ya kugonja amadzuka ndi mutu wopweteka, amasinza m'kalasi, ndipo luso limene amalifunalo limachedwa kubwera. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization limalangizanso kuti ana a zaka 5 mpaka 17 azichita zinthu zolimbitsa thupi kwa mphindi 60 patsiku. Mpira, kuthamanga, njinga ndi ntchito za pakhomo zisasiyidwe chifukwa cha kanema.

Choopsa chachikulu chimabwera pamene ndalama zalowa m'masewera. Anyamata ena amabetcherana, ndipo wogonja amafuna kubweza zimene wataya. Apa masewera asanduka juga. Ndalama ya chigayo, ya sopo kapena ya makope imathera komweko, kenaka pamayamba bodza ndi kuba pakhomo. Eni tizipinda ta masewera ali ndi udindo wokana kubetcherana, wobweza ana pa nthawi ya sukulu, ndi wotseka usiku usanapite patali.

Makolo ena amati njira yachidule ndi kukwapula mwana ndi kumuletsa masewerawo kotheratu. Nkhawa yawo njomveka, pakuti mwana wotayirira amavutitsa banja lonse. Koma chikwapu sichiphunzitsa kudziletsa, chimangophunzitsa kubisa. Mwana woletsedwa mwaukali amapitabe mozemba, ndipo akagwa m'ngongole saulula. Nkwabwino kuti bambo, mayi kapena amalume akhale naye pansi mtima wake utazizira, amve mmene wagonjera, ndipo agwirizane naye za masiku, maola ndi ndalama zimene angagwiritse ntchito. Mwana amene waphunzira kupirira kugonja pamasewera adzatha kupiriranso akalephera mayeso, mbewu zikakanika kumunda, kapena malonda akapanda kuyenda.

Komabe pali nthawi imene thandizo la kuchipatala limafunika. M'chaka cha 2019 maiko a m'bungwe la World Health Organization adavomereza kuti vuto lolephera kudziletsa pa masewera a pakanema lilembedwe m'ndandanda wa matenda, ndipo ndandandawo udayamba kugwira ntchito mu 2022. Zizindikiro zake nzitatu: munthu amalephera kuleka ngakhale akufuna, amaika masewera patsogolo pa zonse, ndipo amapitirizabe ngakhale akuona kuti sukulu, ntchito kapena banja zikuonongeka. Kawirikawiri zizindikirozi zimayenera kuoneka kwa miyezi 12 asanatchedwe wodwala, ndipo osewera amene amafika pamenepa ndi ochepa. Makolo asadikire miyezi yonseyo. Mwana akasiya kudya, akamasowa tulo masiku ambiri, akamadzipatula, kapena akamalankhula zodzivulaza, aperekezedwe msanga kwa namwino, kwa dokotala kapena kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo.

Masewera adapangidwa kuti asangalatse. Wogonja lero akadya, akagona bwino, nadzabwerera mawa ndi chinthu chimodzi chokonza, sadataye kanthu. Wataya zambiri ndi uja amene wapambana masewera a khumi ndi chimodzi pakati pa usiku, ndalama ya chigayo itatha.