Tisanataye makompyuta apasukulu, tiyambe tawatsegula



Teremu yathayi tinakangana mu staff room pa nkhani ya makompyuta 12 omwe tinalandira zaka zapitazo. Ambiri ankati atha ntchito, tipemphe makolo asonkhe tigule ena. Makolo akewo ndi omwewa odikira ndalama ya fodya ndi mtedza ku Nsaru ndi ku Kabudula. Ine ndinangotenga sikuludiraiva n'kuwatsegula. M'makompyuta asanu ndinapeza pobayika RAM pamodzi pali pululu. Wina anazula mwakachetechete, makina omwe anabwera ndi 4GB n'kutsala ndi 2GB.

Kwa amene munaiwala za Folomu 2, hard disk ili ngati nkhokwe pomwe RAM ili ngati lichero. Chimanga chimakhala m'nkhokwe, koma chomwe mukupeta ndi chomwe chili palichero basi. Wogawa malo palicheropo ndi kernel, mtima wa Windows, Linux ngakhalenso Android, ndipo amagawa m'timagawo ta 4KB. Lichero likadzaza, kernel amabwezera zina kunkhokwe, zija amati swap. Ulendo wakewo ndi wautali, n'chifukwa chake kanyali ka hard disk kamangophethira mwana akudikira kuti Excel itseguke mpaka belu kulira. Pa Linux zikafika pothina, pali mlonda wotchedwa OOM killer amene amasankha pulogalamu imodzi n'kuipha kuti makina onse asaume. Inu a mafoni a itel ndi Tecno mumaziona izi, mukachoka pa WhatsApp kupita pa Facebook, pobwerera mupeza WhatsApp ikuyambanso kutseguka.

Mnyamata wina wa Folomu 3 anandifunsa kuti, "Sala, bwanji munayamba mwazimitsa musanagwire RAM?" Funso limeneli linandisangalatsa kuposa mayankho onse oloweza a teremu yonse. Zoona zake n'zoti pa makina akuluakulu a seva, Linux imatha kuchotsa memory makina akuyaka. Koma kernel amayamba wasamutsa zonse zomwe zili m'gawolo, monga momwe timasamutsira ana m'kalasi tisanasasule denga. Akapezamo zinthu zake za iye mwini zomwe sizisunthika, amakana, ndipo n'chifukwa chake amapatula dera lotchedwa ZONE_MOVABLE loikamo zosunthika zokhazokha. Makompyuta athuwa sanapangidwire zimenezo. Mukazula akuyaka, muwotcha makina.

Palinso malire ena omwe anthu amatayira ndalama. Windows ya 32-bit sitha kuwerenga kupitirira 4GB, ndipo kawirikawiri imaonetsa 3GB ndi pang'ono. Mukaigulira 8GB mwangopatsa wogulitsa phindu. Yambani mwaona ngati purosesa yake ndi ya 64-bit. Ma Core 2 Duo, omwe anayamba kutuluka mu 2006, ndi a 64-bit.

Maganizo anga ndi awa. Microsoft inasiya kusamalira Windows 7 mu January 2020, ndipo Windows 10 pa 14 October 2025. Windows 11 imafuna 4GB ndi kachipangizo kotchedwa TPM 2.0, komwe makina athu alibe. Ndiye tigule RAM yakale yomwe yasowayo, tiikemo Linux yopepuka monga Lubuntu, ana azigwira makina awiriawiri m'malo mounjikana asanu pa kompyuta imodzi mayeso a MANEB atayandikira.

Mnzanga wa masamu anati ana anazolowera Microsoft Office, LibreOffice iwasokoneza. Sakunama, ndipo ifenso aphunzitsi tiyenera kukhala pansi Loweruka lingapo kuiphunzira. Komanso si makina onse angapulumuke. Debian 13, yomwe inatuluka mu August 2025, inasiya kutulutsa kernel ya makompyuta a 32-bit. Otero ndimawapereka kwa ana kuti aziwamasula, aone RAM ndi maso awo m'malo moijambula m'kope.

Pakadali pano tabwezeretsa atatu mwa asanu aja. Kompyuta iliyonse ili ndi kaloko kumbuyo, ndipo kuchuluka kwa RAM yake ndinalemba m'buku lomwe limakhala mu ofesi ya ahedi. Ana a Folomu 4 ndiwo amawerengera Lachisanu lililonse.