Wadyedwa pa Njuga? Nyamuka Uzipita Kwanu

Pa ntchito yanga yoyendera zitsime ndi zimbudzi m'midzi ya kufupi ndi nyanja ya Chilwa, ndinakumana ndi bambo wina amene anadyedwa ndalama zonse za mpunga wake pa maseŵero a makadi. Poyamba anangoluza pang'ono. Pofuna kubweza zimene analuzazo, anagulitsa mbuzi, kenaka njinga. Pomwe ndinkamuona anali atatha masiku osagona tulo, mutu ukumuŵaŵa, ndipo ankanena kuti mbale wake wamulodza.

Aŵerengi anzanga, kudyedwa pa njuga si ufiti ayi. Mpukutu wa makadi uli ndi makadi 52, ndipo akasakanizidwa sakumbukira amene analuza dzulo. Ku Las Vegas, m'dziko la America, kumachitika mpikisano waukulu wa makadi wotchedwa World Series of Poker, umene unayamba mu 1970. M'chaka cha 2024 anthu 10,112 analoŵa gawo lalikulu la mpikisanowo, aliyense ndi madola 10,000, koma pafupifupi anthu 85 mwa 100 alionse anatuluka chimanjamanja. Pakati pawo panali akatswiri odziŵa kuŵerengera bwino, ena n'kutuluka tsiku loyamba lomwelo. Kodi onsewo analodzedwa?

Pali nzeru imodzi imene tingatolepo pamenepa. Pa mpikisano wotero, munthu akatha zake amanyamuka pampando. Koma pa njuga ya pamsika, kapena kubetcha mpira pa foni, palibe womuimitsa. Amakongola kwa katapila, amapita kwa sing'anga kukafuna mankhwala a mwayi, nabwerera kukadyedwanso. Akulu anati, ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Maganizo anga ndi akuti kuluza koyamba sikupha banja. Chimene chimapha banja ndi kuthamangira kubweza. Ndalama yadyedwayo iŵerengeni ngati madzi otayika. Nyamukani, kadyeni nsima, kagoneni, ndipo musathamangire ku moŵa. Uzani akazi anu kapena mbale wanu zoona zenizeni, ndipo iwo asunge ndalama ya fetereza, ya sukulu ndi ya ndiwo.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limaika chizoloŵezi cha njuga m'gulu la matenda a maganizo. Zizindikiro zake ndi izi: kulephera kusiya ngakhale ukufuna, kunama pa za ndalama, kusoŵa tulo, kukwiya msanga, ndi kuiŵala udindo wa pakhomo. Wina amafika polingalira zodzipha. Munthu wotere musamuseke kapena kumusiya yekha. Muperekezeni ku chipatala cha pafupi, ndipo ngati pafunika chithandizo chapadera adzamutumiza ku Zomba Mental Hospital, kumene kuli anthu ophunzira za matenda ameneŵa.

Nzeru ya munthu imaoneka pamene wanyamuka pa bwalo la makadi mbuzi zake zikadali m'khola.