Njira ya ku Joni isakhale chinsinsi cha munthu mmodzi

Abale anga a pamsewu, madalaivala ndi inu amayi ndi abambo a geni, pali chuma chimene tonse tili nacho koma timachisunga m'mutu mokha: kudziwa njira.

Munthu akaoda katundu ku Marabastad n'kupakira ku Laudium, ulendo wake ndi wa maiko anayi. Akwera N1 mpaka Musina, awoloke pa Beitbridge, apyole Masvingo ndi Harare, atulukire pa Nyamapanda, alowe Cuchamano, adutse Tete mpaka Zobue, kenako Mwanza. Amene wayendamo kakhumi amadziwa pogona pabwino, pothira dizilo usiku, ndiponso pamene pali sikelo. Wachilendo sadziwa, ndiye amalipira. Amalipira womulondolera, amaberedwa akaima pamalo olakwika, kapena amataya tsiku lathunthu. Masiku ano amene akupha makwacha ndi wodziwa, osati wamphamvu.

Maganizo anga ndi akuti zimene tikudziwa za msewu tiziike poti aliyense azipeze. Malo ake alipo kale. Mu 2004 Steve Coast anayambitsa OpenStreetMap ku Britain, mapu a dziko lonse olembedwa ndi anthu wamba mosalipidwa. Aliyense amaloledwa kuwonjezera kapena kukonza, ndipo kugwiritsa ntchito ndi kwaulere. Mapulogalamu a pafoni ngati OsmAnd ndi Organic Maps amatenga mapu awo kumeneko. Mumawatsitsa muli pa WiFi, ndipo amagwirabe ntchito bando ikatha kapena netiweki ikasowa pakati pa Tete ndi Zobue. OsmAnd ili ndi mbali ya malole, yoti mulembe kutalika ndi kulemera kwa galimoto, ikupewetseni mlatho umene simungadutsepo. Koma foni silota. Ngati palibe amene analemba malire a mlathowo, idzakulondolerani pomwepo. Mlatho wa Kassuende utatsegulidwa ku Tete mu 2014, panafunika munthu wouika pa mapu.

Izi si nkhambakamwa. Namondwe Idai atawononga Mozambique, Zimbabwe ndi kumwera kwa Malawi mu March 2019, anthu ongodzipereka a Humanitarian OpenStreetMap Team anajambula misewu ndi nyumba za m'madera osefukira kuti opereka thandizo adziwe kolowera. Foni ya Android imene mukuwerengerapoyi inamangidwa pa Linux, imene Linus Torvalds anaiyamba mu 1991 n'kuitsegulira aliyense wofuna kuikonza. Ngakhale Mark Shuttleworth wa konkuno ku South Africa, potulutsa Linux yake mu 2004, anaitcha Ubuntu, umene kwathu timati umunthu. Zimenezi azungu amati open source, koma ife tinazidziwa kalekale pa dima: lero tilima kwa ine, mawa kwa inu.

Wina anena kuti, "Ndikaulula, andilanda makasitomala." Ndikumva. Kumene mumaoda motchipa ndi mtengo umene mwagwirizana ndi bwana wa shopu, chimenecho ndi chinsinsi chanu, sungani. Koma garaja yomata matayala, chipatala chapafupi, mzikiti kapena tchalitchi, malo oimika lole, zimenezi mukabisa simupindula kanthu. Mumangonenepetsa amene amadya pa umbuli wa anzathu, ndipo mawa wosochera adzakhala mphwanu kapena dalaivala wonyamula katundu wanu yemwe.

Tingosamala zinthu zitatu. Choyamba, lembani zimene mwaona ndi maso anu, osati za "akuti". Chachiwiri, pa mapu pamapita zinthu zokhazikika. Mtengo wa randi, mzere wa pa boda ndi ndalama za msonkho zimasintha, choncho pouzana zimenezi tchulani tsiku ndi malo, ndipo za msonkho mutsimikize kwa MRA, ZIMRA kapena SARS. Chachitatu, musalembe maina a anthu, nyumba zawo kapena komwe wina amasungira katundu. Mapu amawerenga ndi akuba omwe.

Musananyamuke ulendo ukubwerawu, tsegulani akaunti ya OpenStreetMap, ndi yaulere. Mukaima kudikira mapepala pa boda, onani ngati malo amene mwaimawo alipo pa mapu. Ngati palibe, aikeni. Tilipo ambiri pa msewu uwu, ndipo aliyense ataika malo amodzi pa ulendo, wachilendo wa chaka chamawa adzafika kumudzi ndi katundu wake yense.

Yendani bwino, Mulungu akutsogolereni.